Ahedi, ndani akaphunzitse sitandade 1?

Aliyense amene adagulapo kapena kugulitsa mtedza pamsika wa Mgona akudziwa kuti chuku sichiyambira pasikelo. Wogula akamafika potsegula thumba n'kupeza njere zowola, ndiye kuti zinthu zidalakwika kalekale: mwina mlimi adakumba mochedwa, mwina adauwaza madzi kuti usavute kuswa, mwinanso adauika m'thumba usadaume. Pasikelo pamangotulukira mlandu basi. Amayi aja amene amaswera pansi tsiku lonse ndi lichero angathe kuchotsa njere zoipa, koma sangabweze zimene zidaonongekera kumunda.

Ndayamba ndi mtedza, abale anga, chonsecho nkhani yanga lero ndi ya sukulu. Chifukwa chake n'chakuti ife makolo a kuno ku Mgona, ku Area 25, ku Kawale ngakhale ku Chinsapo, tili ndi chizolowezi choyang'ana sukulu pasikelo pokha. Sikelo yake ndi mayeso a sitandade 8. Bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira, tonse timathamangira kukafunsa kuti asankhidwa angati, ndipo apita sekondale iti. Akasankhidwa ambiri, ahedi ndi abwino. Akasankhidwa ochepa, ahedi achoke. Koma kodi mudamvapo kholo likufunsa kuti chaka chino sitandade 1 akuphunzitsa ndani, ndipo anawo akukhala pati?

Funso limeneli silidachokere m'mutu mwanga. Ndidalitola kwa achemwali anga, amene aphunzitsa pulayimale zaka zambiri ndipo pano ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya m'dera lathu lino. Dzina la sukuluyo tilisiye. Iwowa adaitanidwa ku maphunziro a utsogoleri wa sukulu, aja okonzekeretsa anthu uhedi, ndipo pobwera ife apabanja tidawalandira monga mwa mwambo wa masiku ano.

"Achemwali, nanga alawansi ija? Ife kuno tadikira nkhuku."

"Achimwene, alawansi inathera pa minibasi. Chimene ndabwera nacho ndi ichi."

Adatulutsa pepala limodzi lopindapinda. Padalibe mawu akuluakulu a Chingerezi. Padali mizere inayi yokha: dzina la kalasi, chiwerengero cha ana, chiwerengero cha aphunzitsi, ndi malo amene kalasiyo imaphunzirira. Ati kumaphunziroko aliyense adapemphedwa kulemba za sukulu yake yomwe, osati za sukulu ya m'buku. Achemwali adati atamaliza kulemba adagwidwa manyazi. Ku sitandade 1 ana oposa zana adali pamutu pa mphunzitsi mmodzi, ena mwa iwo akukhala panja. Ku sitandade 8, komwe ana sakwana ndi theka lomwe la chiwerengero chimenecho, kudali aphunzitsi angapo olandizana maphunziro, chipinda chokhoma bwino, ndi madesiki onse abwino a pasukulupo. Atasuzumira mapepala a anzawo adapeza kuti ambiri akunena nkhani yomweyo. Palibe adakhalapo pansi n'kugamula kuti zizikhala choncho. Aliyense adangozipeza choncho, nazisiya choncho.

Kuti timvetse kumene zidachokera, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1994, boma la a Bakili Muluzi litangolowa, fizi ya ku pulayimale idathetsedwa. Ana adatuluka m'makomo ngati ngumbi mvula itagwa: chiwerengero chidachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Ine ndidali mmodzi wa ngumbizo, ndipo chimene ndimakumbukira cha sitandade 1 ndi fumbi, phokoso, ndi kulemba pansi ndi chala. Ndondomekoyo idali yabwino, ndipo ambiri a ife tikudziwa kulemba dzina lero chifukwa cha iyo. Koma walira mvula walira matope. Boma lidayenera kulemba ntchito mwachangu anthu zikwizikwi amene adali asadapondepo ku koleji ya zauphunzitsi. Mu 1997 idayamba ndondomeko ya MIITEP, yofuna kusula aphunzitsi oterewa pafupifupi 18,000: miyezi itatu ku koleji, monga ija ya Lilongwe ili pa Area 25 apa, kenaka miyezi 20 akuphunzitsa pasukulu moyang'aniridwa. Nanga woyang'anira tsiku ndi tsiku adali ndani? Ahedi.

Tsono taonani. Hedi wa nthawi ya chipani chimodzi ntchito yake idali yodziwika: kutolera fizi, kusunga rejisitala, kugwira chikwapu, ndi kuonetsetsa kuti insipekitala akabwera apeze pabwalo posesa. Ankalamula, ndipo anthu ankamvera chifukwa cha mantha, monga momwe zinthu zonse zinkayendera masiku amenewo. Uhediwo munthu ankaupeza chifukwa cha zaka zimene wakhala pantchito. Lachisanu uli mphunzitsi wa sitandade 7, Lolemba wapatsidwa makiyi a ofesi. Mwadzidzidzi munthu yemweyo adayenera kukhala mphunzitsi wa aphunzitsi anzake, pamene mantha aja adali atapita ndi referendamu ya 1993.

Boma lidaliona vutoli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi thandizo la dziko la Britain, ndondomeko ya MSSSP idagawa sukulu za pulayimale m'mazoni 315, zoni iliyonse ndi malo ake okumanirako aphunzitsi, aja timawatcha TDC, komanso mlangizi wake, PEA, woyenda panjinga yamoto. Mahedi ndi achiwiri awo adayamba kuitanidwa kukaphunzira kayendetsedwe ka sukulu. Mu 1998 kudabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo kuyambira 2010 sukulu zidayamba kulandira ndalama zachitukuko mwachindunji, zoti hedi aziyendetsa pamodzi ndi komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi. Choncho hedi walero ndi kalaliki wa ndalama, kapitawo wa zomangamanga, nkhoswe ya mikangano, ndiponso mphunzitsi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Maphunziro a mtundu umene achemwali adapitako adakula pansi pa ndondomeko ya MESIP, yomwe idayamba mu 2016, ndipo ina yotchedwa MERP idawapitiriza kuyambira 2021. Ena mwa inu mudzati zonsezi ndi masemina odyera alawansi, ndipo sindikudzudzulani, pakuti masemina otero tawaona ambiri. Koma pa amenewa pali umboni. Mu 2024 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachitika m'sukulu 1,198 m'maboma onse a dziko lino, kuyerekeza sukulu zimene atsogoleri ake adaphunzitsidwa ndi zimene sadaphunzitsidwe. Ana a m'sukulu zoyambazo adapezeka kuti ali patsogolo ngati kuti adaonjezeredwa masabata asanu ndi atatu a sukulu, ndipo okwera kalasi adachulukirapo. Masabata asanu ndi atatu si chozizwitsa, koma kwa mwana amene akulimbana ndi a, e, i, o, u, si zochepa ayi.

Chimene chidandikhudza ine n'chakuti phindu lalikulu lidachokera ku makalasi apadera othandiza ana otsalira m'mbuyo, amene aphunzitsi amawatcha remedial. Taganizirani bwino. Kalasi yotere sifuna simenti kapena malata. Imafuna mphunzitsi wotopa kale avomere kutsalira ndi ana amene sakumva, pamene anzake akupita kukaona geni yawo kapena kukaphikira ana awo. Hedi sangamukweze malipiro, pakuti malipiro sachokera kwa iye. Sangamuchotse ntchito. Chimene ali nacho ndi pakamwa pake, chitsanzo chake, ndi chilungamo chake pogawa ntchito. Utsogoleri wonse wa pasukulu wagona pamenepo.

Achemwali atabwerako adaonetsa ahedi awo pepala lija, ndipo ahediwo, munthu womva zinthu, adavomereza kuti pakufunika kusintha. Apa ndi pamene adalakwitsa, ndipo achemwali amavomera okha. Awiriwo adadzitsekera mu ofesi, nagawa aphunzitsi mwatsopano, namata pepala pakhoma. M'mawa mwake pasukulu padali zii ngati pamaliro. Mphunzitsi wina amene adatsitsidwa kuchoka ku sitandade 8 adayamba kudwala mutu wosatha. Wina adakagogoda kwa a PEA kupempha transifa. Wina adangofunsa funso limodzi: "Kodi ahedi, ine ndalakwa chiyani?"

Funso limenelo likunena zonse. M'sukulu zathu zambiri kutumizidwa ku sitandade 1 kumaoneka ngati chilango, ndipo kupatsidwa sitandade 8 ndiko kukwezedwa. Tisafulumire kuwanyoza aphunzitsi, pakuti zifukwa zawo zilipo. Ku sitandade 8 ana ndi ochepa, ndi akuluakulu, ndipo akakhoza dzina lako limamveka mpaka kumsika. Makolo amakupatsa moni panjira, ena amabweretsa ana kunyumba kuti uwaphunzitse mwapadera, kangachepe n'kumapezeka. Ku sitandade 1 umaweruka mawu atasasa, zovala zili fumbi lokhalokha, utapukuta mamina ndi kuletsa ndewu, ndipo palibe adzakumbukire kuti mwana amene wasankhidwira ku sekondale ya boma udamugwiritsa pensulo ndiwe. Ndani angakonde?

Patatha sabata, ahedi adachotsa pepala lija pakhoma naitanitsa msonkhano wa aphunzitsi onse. Ulendo uno sadabwere ndi chigamulo. Achemwali adajambula mizere inayi ija pabolodi, yopanda kanthu, napempha mphunzitsi aliyense kuti adzalembe yekha ana amene ali nawo ndi malo amene amaphunzitsira. Bolodi itadzaza, anthu adakhala chete. Kenaka mayi wina wachikulire, amene wakhala ku makalasi aang'ono kuyambira kale, adaimirira.

"Ahedi, zikomo. Ine zaka zonsezi ndili kumeneku palibe anabwerapo kudzandifunsa ngati choko chandikwanira. Lero mwationa. Ine sindikupempha kuti mundichotse, anawa ndimawakonda. Ndikungopempha dzanja lachiwiri."

Ati mawu amenewa ndi amene adatsegula mitu. Nzeru zimene zidatuluka pamenepo sizidachokere kwa ahedi kapena kwa achemwali. Mphunzitsi wina wa sitandade 8, yemwe uja wa mutu wosatha, ndiye adanena kuti popeza iwo amalandizana maphunziro, aliyense amakhala ndi nthawi m'mawa imene amangokhala pansi pa mtengo kuchonga makope. Bwanji nthawi imeneyo azikathandiza ku sitandade 1, osachoka ku kalasi yake? Wina adati ana aang'ono amaweruka msanga, choncho otsalira m'mbuyo angathe kutsala kanthawi kochepa masiku angapo pasabata, aphunzitsi n'kumasinthana. Achemwali adalemba dzina lawo poyamba pamndandanda wa osinthanawo, ndipo ahedi adatenga phunziro limodzi ku sitandade 2. Munthu sungatume anzako kumene iwe ukukana kupondako.

Sindikunena kuti zonse zidatheka. Nkhani ya chipinda idakanika: a sitandade 8 adakana kutuluka, ndipo makolo a m'komiti adawaikira kumbuyo. Adangogwirizana kuti ndalama zachitukuko zikabwera, choyamba chikhale chisakasa cha ana aang'ono mvula isadayambe. Mphunzitsi mmodzi mpaka lero salowa nawo m'kasinthasinthayo, ndipo amuleka. Koma onani kusiyana kwake. Maganizo adali amodzimodzi, anthu adali omwewo. Atamatidwa pakhoma adabala matenda ndi matransifa. Atachokera pakamwa pa eni ake adayenda. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu timaukonda pamaliro ndi paukwati, koma tikangopatsidwa ofesi yokhala ndi kiyi timauiwala.

Ndidawafunsa achemwali kuti kupatula zimenezi adatolako chiyani china. Adatchula ziwiri. Choyamba, kuyamikira. Ati iwo adakula akudziwa kuti mphunzitsi amaitanidwa ku ofesi akalakwa basi. Tsopano amayesetsa kutchula pa asembule dzina la mphunzitsi amene sadajombe mwezi wonse, kapena amene ana ake ayamba kuwerenga, ndipo zimenezi sizidya tambala. Chachiwiri, ndalama zizikhala poyera. Zimene zalowa ndi zimene zatuluka zizilembedwa n'kumatidwa panja pa ofesi, pamene kholo lililonse lingawerenge. Inu a banki m'khonde mukudziwa chifukwa chake bokosi limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse, ndipo makiyi sasunga munthu mmodzi. Si kuti msungichuma ndi wakuba ayi, koma kuti asadzatchedwe wakuba. Mahedi angati abwino adachoka pasukulu mwamanyazi chifukwa cha mphekesera imene pepala limodzi likadaithetsa?

Tsopano ndimve mbali inayo, pakuti ilipo ndipo ndi yolemera. Kholo lina lidzati: mwana wanga ali mu sitandade 8, malo ku sekondale ndi ochepa, mwayi ndi umodzi, mukamuchotsera mphunzitsi mwamupha. N'zoona, ndipo palibe akunena kuti sitandade 8 isiyidwe. Koma kholo lomwelo lidzifunse kuti anzake a mwanayo, amene adayamba naye sitandade 1, ali kuti. Ambiri sadafike. Malipoti a unduna wa zamaphunziro a zaka zoyambirira za m'ma 2020 adaonetsa kuti mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse ankabwereza kalasi, ndipo vutoli lidali lalikulu kwambiri ku sitandade 1. Mwana akabwereza kawiri katatu amakula, amachita manyazi kukhala pakati pa tiana, ndipo kuno ku Mgona njira yotulukira ili pafupi: ganyu yosankha mtedza, kunyamula matumba, kukadikira magalimoto ku Kanengo. Sitandade 8 imaoneka yabwino chifukwa ofooka onse adagwera m'njira. Kodi wamalonda amene wataya theka la katundu wake pamsewu angadzitame kuti wotsalayo wagulitsa bwino?

Wina adzati: maphunziro a utsogoleri samanga makalasi, salemba aphunzitsi ntchito. N'zoonanso. Mlingo umene unduna umafuna ndi ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo palibe nzeru za hedi zimene zingasandutse ana zana limodzi ndi theka kukhala 60. Boma lisabisale kumbuyo kwa masemina. Limange, lilembe ntchito aphunzitsi amene adamaliza koleji n'kumangokhala pakhomo, ndipo lilipire pa nthawi yake. Lisamasamutsenso hedi amene langomuphunzitsa kumene asadakolole chimene wadzala. Koma pamene tikudikira zimenezo, ana a chaka chino sadikira. Chaka chamawa adzakhala atakula. Chimene chilipo lero chigawidwe mwachilungamo lero.

Palinso mlandu wa akuluakulu a maphunziro ndi ife olemba nkhani. Malinga ngati hedi aziyamikiridwa kapena kunyozedwa potengera mayeso a sitandade 8 okha, iye adzapitiriza kuunjika aphunzitsi ake abwino kumeneko, ndipo sitingamudabwe. Munthu amalima kumene akuyembekeza kukolola. Tsiku limene a PEA, a komiti ndi manyuzipepala adzayambe kufunsa kuti ana angati a sitandade 2 akutha kuwerenga chiganizo, mahedi adzatembenuka okha.

Kwa inu ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite amene mumawerenga tsamba lino, ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ndipo mawa mahedi. Ena mudzatsogolera maofesi, zipatala, ngakhale zipani. Satifiketi idzakupatsani mpando, koma sidzakupatsani anthu. Phunzirani msanga kuwerenga zimene muli nazo musadalamule, kufunsa amene akusenza katundu wolemera kwambiri, ndi kuyamba ndinu pantchito imene aliyense akuithawa. Zimenezi mungayambe kuziyesa panopa, m'timagulu tanu ta kalasi timene munthu mmodzi amalemba zonse ena n'kungoikapo maina.

Ndipo kwa inu anzanga a geni, ndikudziwa kuti kutseka benchi kapena kusiya sikelo kuti mukakhale pamsonkhano wa makolo ndi kutaya ndalama. Ambiri timangotumiza chopereka n'kuti zathu zatha. Koma msonkhano ukubwerawu pitaniko, ngakhale ola limodzi. Musapite kukalalata, pakuti aphunzitsi alalatiridwa mokwanira. Nthawi ya mafunso ikafika, kwezani mkono mwaulemu, ndipo mufunse zinthu zitatu: ku sitandade 1 kuli ana angati, akuwaphunzitsa ndi aphunzitsi angati, ndipo mvula ikagwa amakhala pati? Ahedi akayankha mosabisa, athokozeni, kenaka mufunse chachinayi: nanga ife makolo tithandizepo chiyani? Pobwerera kunyumba, mukakumana ndi madamu a sitandade 1 panjira, imani muwapatse moni wa manja awiri. M'mera mpoyamba, ndipo munda wa ana athu akulima ndi iwowo.